Liwiro la Eni Ake

Okondedwa alamu,

Ndiyambe ndi ulemu, mkwiyo ubwera pambuyo. Muli bwanji kumeneko? Msana uja unasiya kukuvutani? Nanga apongozi akudzuka bwanji masiku ano? Kuno mapasa ali bwino, angoyamba mwano pang'ono. Ine thupi lili bwino, koma mtima ayi.

Ndasankha kulemba chifukwa ndikakuimbirani mumandiseketsa ndisanafike pa nkhani yeniyeni. Kalatayi ndiijambula ndi foni kuti muiwerenge lero lomwe, Lachitatu. Masewero ali Loweruka, ndiye nthawi yozungulira ndilibe.

Mukudziwa kuti timu ya mpira ya ang'ono anu, amuna angawa, inalandira kochi watsopano mwezi wathawu. Wakale uja ankawadziwa bambo a mapasa. Ankawaimika pakati kumbuyo, iwo n'kumalondolera anzawo ndi pakamwa ndi chala. Mpira wawo ndi wa m'mutu. Amadziwa kumene mpira ukupita woponyayo asanaganize, ndipo zaka zonsezi akhala akufika pamalo moyenda pamene ena akufika ali wefuwefu.

Watsopanoyu zimenezo sazifuna. Akuti mpira ukangotayika aliyense authamangire ngati wina wamutsomphola foni. Otchinga kumbuyo aziima pamzere wapakati, ndipo a m'mbali azikwera ndi kutsika mpaka wezulo yomaliza. Munthu wa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi azipikisana ndi anthu amene bondo silinawapwetekepo.

Chimene chimandinyansa n'chakuti kochiyo sayang'ana anthu. Osewera onse anawaveka timalaya tothina tolekezera pachifuwa, tangati tamkati ta ife azimayi. Kumsana kwake amalowetsako kachipangizo kofanana ndi bokosi la machesi, kamene kamawerenga mtunda ndi liwiro limene munthu wathamanga. Kalikonse kali ndi kapepala komata ka nambala ya mwini wake. Pulakatisi ili mkati, iye maso ali pa kompyuta. Ananeneratu tsiku loyamba kuti wotsalira pa mndandanda sasewera, kaya dzina lake likule bwanji.

Sabata yoyamba mndandanda unamatidwa pachitseko cha chipinda chovalira. Ang'ono anu, kaputeni wa timu, anali achiwiri kuchokera pansi. Amene anamuposa ndi goloboyi yekha, munthu woima pagolo. Atabwera kunyumba, chakudya anangochiyang'ana.

Lamulungu masana anakuimbirani ali pakhonde. Musakane, ndinkayanika zovala pomwepo ndipo mawu anu samveka pang'ono. Munawauza kuti ukaipa dziwa nyimbo. Munati mwana wa bambo anu sanakhalepo pa benchi, ndipo asayambe lero chifukwa cha mlendo wa kompyuta. Mwina inu munkangowalimbitsa mtima. Tsono imvani nyimbo imene anaidziwa.

M'mawa mwake analawirira kubwalo. Anapeza tizipangizo tija tili pamoto m'chipinda cha mayunifolomu, wosunga katundu atapita kukapopa mipira. Anamatula kapepala ka nambala yawo ndi ka mnzawo amene onse amamutcha Njinga, n'kusinthanitsa. Ntchito ya mphindi imodzi.

Njinga simukumudziwa. Amasewera kumbali yakumanja, ndipo dzinalo anamupatsa chifukwa satopa. Amakhala m'nyumba yomweyi, pansi pathu. Tsiku limene tinkasamukira muno ndi iye amene ananyamula filiji yathu pamasitepe, ang'ono anu akulondolera ndi chala monga mwa masiku onse.

Kwa masabata atatu tsopano, Njinga akuthamanga, kompyuta ikulemba dzina la ang'ono anu. Iwo akuyenda, kompyuta ikulemba dzina la Njinga. Kochi anawaimika kutsogolo kwa timu yonse n'kunena kuti uyu ndiye mwamuna, achinyamata atengere chitsanzo. Njinga anamunena kuti ndi waulesi wochenjera, wothamanga pokhapokha akaona kuti anthu akumuyang'ana. Mwana wa eni anamva chisoni, n'kuyamba kuthamanga kuposa kale kuti adziyeretse. Akawonjezera liwiro, oyamikiridwa ndi ang'ono anu. Kodi alamu, nkhanza yoposa pamenepa munaionapo?

Lolemba kochi analengeza timu ya Loweruka. Njinga wachotsedwa, ngakhale pa benchi palibe. Pamalo pake, kumbali yakumanja, kumene munthu amathamanga osapuma, aikapo katswiri wa liwiro watsopanoyu, bambo a mapasa.

Ine zonsezi ndazidziwa dzulo masana. Akazi a Njinga anakwera kuno khanda lili kumsana, maso atatupa. Nthawiyo ang'ono anu anali atakhala pampando, bondo atalikulunga ndi thaulo la ayezi. Atangomva kugogoda anabisa thaulolo pansi pa khushoni. Mayiyo anawachonderera kuti, monga kaputeni, akamulankhulire mwamuna wake kwa kochi. Anati kontilakiti ikutha chaka chino, ndipo palibe timu ingatenge munthu wotchuka ndi ulesi. Anatinso mwamunayo sakudya, akungofunsa kuti kodi miyendo yake yayamba kumunamiza. Ang'ono anu anayankha kuti aona chochita, maso ali pansi, madzi akudontha kuchokera pampando.

Ndakhala nawo zaka khumi ndi chimodzi. Mlendo atatsika ndinatseka chitseko n'kuwafunsa kuti liwiro limeneli alitenga kuti, poti masitepe athu omwewa amakwera atagwira khoma. Anayamba ndi kundikalipira kuti za mpira sindizidziwa. Ndinawayankha kuti mpira sindiudziwadi, koma bondolo ndimalisisita ndine. Pamenepo anaulula zonse.

Bondo limenelo analing'amba kawiri. Dokotala amene anachita opaleshoni yachiwiri anatikhazika tonse awiri n'kunena mosabisa kuti mpira wodekha angasewerebe, koma kuthamanga kothamanga n'kutembenuka mwadzidzidzi, mobwerezabwereza, kudzalimaliza. Anati kachitatu sikudzakhala kusiya mpira kokha, kudzakhala kuyendera ndodo. Kochi watsopano anabwera ndi dokotala wake, amene naye amakhulupirira kompyuta yomweyo. Akuona manambala a Njinga n'kumati bondo la mdalayu ndi lachitsulo.

Sindikunena kuti kukalamba mu mpira n'kophweka. Koma taonani goloboyi uja. Ndi wamkulu kwa ang'ono anu ndi zaka ziwiri, ndipo nayenso anauzidwa kuti aziyambitsa mpira ndi mapazi, chinthu chimene sanachitepo. Iye anapita kwa kochi n'kuvomera kuti mapazi ake ndi mabwato. Tsiku lililonse anzake akaweruka amatsala akumenyetsa mpira kukhoma, kumanja, kumanzere. Ochemerera amamuseka akaphonya, koma akusewera, ndipo dzina lili pa mndandanda ndi lakedi.

Ndinawauza bambo a mapasa kuti achite chimodzimodzi. Akanene zoona, apemphe kuti azilowa mphindi makumi awiri zomaliza pakati paja, pamene timu yatopa ndipo ikufuna munthu wa mutu. Mwina kochi awachotsa mu timu, mwina ayi. Anandiyankha kuti nyuzipepala ziwadya amoyo, ndipo ana adzamva kusukulu. Kenako ananena chimene chandilembetsa kalatayi. Anati nanga achimwene akamva kuti ndili pa benchi adzati chiyani.

Mwamva, alamu? Munthu wa imvi m'ndevu, wa ana awiri, akuopa inu kuposa ndodo. Inu amene munawaphunzitsa kumenya mpira, inu amene mumasonkhanitsa anzanu pa wailesi yakanema n'kumaloza kuti uyo ndi magazi anga. Mumanyadira muli pampando. Amene amawathandiza kuvala sokosi m'mawa bondo likauma ndine.

Ndakwiya ndi kochi wosatha kudzutsa mutu n'kuona yekha amene akuthamanga. Ndakwiya ndi amuna anga, amene abera mnzawo thukuta n'kumamupatsabe moni pamasitepe. Koma inunso ndakukwiyirani, ndipo sindibisa. Mutu ukakula sulewa nkhonya.

Pempho langa ndi limodzi. Aimbireni lero kapena mawa. Musayambe ndi nthabwala. Auzeni ndi pakamwa panu kuti benchi si manda, kuti mudzawatchabe mng'ono wanu ngakhale atachotsedwa ukaputeni, ndipo apite kwa kochi asanafike Loweruka. Ine ndalankhula mpaka mawu kusasa. Akudikira chilolezo chanu, ngakhale sanganene.

Mundiperekere moni kwa apongozi, koma izi musawauze, mtima wawo mukuudziwa. Moni kwa akazi anu, kwa alamu aakazi ndi ana awo, ndi kwa amalume ngati akuyendabe. Mapasa akuti muwauze asuweni awo kuti zithunzi analandira.

Pulakatisi yomaliza ili Lachisanu masana. Ikatha ang'ono anu asanaulule, ndikagogoda ndekha pa ofesi ya kochi, ndipo ndawauza kale. Ndikudziwa kuti mwina sadzandikhululukira, ndipo kumeneko mudzanditcha mkazi amene anagwetsa dzina la banja. Palibe kanthu. Andide, koma andide akuyenda ndi miyendo yawo iwiri.

Ndine mlamu wanu wokwiya koma wokulemekezanibe,

Amake mapasa