Likhweru la Kuseri kwa Golo

Cuamba, Lamulungu, 4 Julyu 2021

Tapambana 1-0. Bwalo lopanda munthu chifukwa cha korona. Zipata zotseka, apolisi awiri, mbuzi ya winawake. Ukawakha mpira umadzimvera wekha kuti phu! m'manja.

Kuseri kwa golo langa, pamene bambo ankaima zaka zisanu ndi chimodzi, pamera chisoso. Ankabwera pa shapa, kaminibasi kaja, kuchokera ku Ngauma, malaya akununkha fodya. Mpira ukangoyamba, likhweru lawo: kawiri mwachidule, kamodzi motalika. Lomwe lija ankandiitanira kumunda ndili mwana. Ine ndinkatembenuka, n'kumenya mtengo wa golo kawiri, kuti ndamva. Lero ndaumenya popanda wondiitana, ngati wamisala.

Lachitatu, 7 Julyu

Mlongo wanga Gracinda waimba. Bambo akutsokomola, thupi moto, chakudya sakuchimva kukoma. Kuchipatala akana. "Kumeneko anthu sabwerako." Makani awo omwe aja!

Ndapempha mphunzitsi wathu, Mista, masiku awiri okha. Akuti ukatuluka panyumba ya timu, pobwera ndi masabata awiri kwawekha, ndipo golo silidikira munthu. Ndakhala. Manyazi akundigwira polemba, koma ndakhala.

Lachisanu, 9 Julyu

Pafoni bambo sakutha kulankhula. Mpweya. Gracinda akuti wailesi yokha ndiyo sakufuna ichoke kumutu kwa mphasa. Lamulungu lija anandimva ndikukalipira Abudo, wotchinga kumbuyo wathu. Poti kulibe anthu okuwa, wailesi ikutola chilichonse. Akuti anamwetulira: "Pakamwa ngati amake."

Kani amandimva. Chabwino.

Lamulungu, 11 Julyu

Tagonja 1-0. Chigoli ndapereka ndine, palibe womunamizira.

Chigawo choyamba, mpira uli kutali, ndinayang'ana kumene amakhala munthu wa wailesi, n'kuliza likhweru lija ndi mphamvu zanga zonse. Kawiri mwachidule, kamodzi motalika. Bwalo lonse linalira. Kenako, ha, thupi ndi chitsiru: ndinatembenuka kuyang'ana kuseri kwa golo, ngati alipo. Chisoso basi. Pobweza maso, mpira uli muukonde. Munthu wauponya ali pakati pa bwalo.

Mista sanakuwe, bola akanakuwa. "Davide, Lamulungu ukhala panja."

Lolemba, 12 Julyu

Foni ya Gracinda yotseka. Ndayesa kasanu ndi kawiri. Mwina moto watha, amakatchajitsa kumsika, n'kutali. Chifunga mpaka masana. Sindinadye.

Lachinayi, 15 Julyu

Anawaika Lachiwiri.

Anthu khumi, azaumoyo ovala zoyera, bokosi losatsegula. Amayi anaonera patali, pansi pa mtengo wa mango. Nthawi imeneyo ine ndinali kudumphira mipira ya Abudo, kufuna Mista andione. Amayi ndiwo analetsa kundiuza: "Angathawe n'kubwera, adzatenge nayenso."

Ndamufunsa Gracinda chinthu chimodzi chokha. Za likhweru lija. Anati: "Anamva, achimwene. Anasongola milomo kuti ayankhe, mpweya panalibe. Ndiye anatambasula dzanja n'kugogoda wailesi kawiri."

Ndalira, Abudo ali pomwepo. Iye anangotseka chitseko.

Lamulungu, 18 Julyu

Panja lero, masikara kukamwa. Pagolo pali Rajabo, ndipo wagwira bwino, ndisamunenere zoipa. Mpira usanayambe ndinapita kukazula chisoso chija. Sindikudziwa chifukwa chake. Mbewu zake zandimata m'masokosi.

Akuti matenda akachepa anthu adzaloledwanso kulowa. Alowe. Fodya wa bambo akadali m'chigafa, theka losasankha, ndipo Gracinda ali yekha.

Potuluka Mista anandigwira paphewa, nandifunsa ngati ndaphunzirapo kanthu pa chigoli chija. Ndinati inde, Mista.

Ndinanama. Atandibwezera mphindi ija, ndingatembenukenso.