Gileni Wanu Sathera pa Ukwati

Amayi, kodi mukugona bwanji kumeneko?

Ine Edina ndili bwino, ana ali bwino, bambo a Limbani nawo ali bwino kupatula msana uja sukuwaleka. Chimanga cha kumunda wanu wa ku Champhira chachita ngakhale feteleza tinathira kamodzi kokha, ndipo mbuzi yanu yamakani ija yaswa ana awiri, onse amakani. Kwa mlongo wanga Yohane kwabadwa mwana wamkazi, mphuno ndi yanu yeniyeni. Ndayamba ndi zabwinozi kuti muyambe mwakhala pansi, chifukwa nkhani imene ndabwera nayo ndi yolemera. Ndi nkhani ya Gileni wanu.

Mukukumbukira zaka zija zipani zitangochuluka, abambo atamwalira ku Chikangawa, inu mutatsika nafe ku boma kuno, mng'ono wanga Esinati ali kumsana. Munkagulitsa zitumbuwa pakhomo pa vidiyo ya a Chavula, m'chinyumba cha matabwa kuseri kwa msika. Mafilimu a nkhonya ndi mfuti simunkawafuna, munkati ndi anthu osaleredwa. Koma ikalowa ija ya mayi wamasiye wa tsitsi lofiira, munkandisiyira beseni n'kukakhala pa benchi yakumbuyo.

Ndikatseka maso ndimaionabe. Gileni akufika pa famu ya mayiyo ndi pikapu yake mvula ili pakati, shati ya mabokosimabokosi, chibwano chogawanika. Akukwera padenga kukhomerera malata asanapemphe ndi madzi akumwa omwe. Akudumphira mumtsinje wosefukira kukavuula kamwana ka mayiyo, ka magalasi kaja. Kenako ukwati pansi pa mtengo, galu atam'manga kansalu m'khosi, inu mukupukuta misozi ndi chitenje, a Chavula n'kuzimitsa, tonse n'kutuluka. Chingerezi simunkamva ngakhale liwu limodzi, koma munkati mwamuna amamveka ndi manja ake.

Munthu yemweyo akaoneka mu filimu ina atavala za nkhondo, munkati, "Gileni walowa usilikali, banja lakula." Tsiku lina tinaona mayi wa tsitsi lofiira uja akupsompsonana ndi loya wadazi, inu munatuluka mutafufuma, ndipo makasitomala anagula zitumbuwa akukalipiridwa tsiku lonse. Ndinayesa kukuuzani kuti anthuwa amangokhala pa ntchito, munati ndisakuphunzitseni za akazi osakhutira.

Ndiye Wongani wa ku Edingeni atayamba kuzungulira Esinati, n'kupeza denga lanu la kukhitchini likudontha, n'kukwera popanda womutuma, mlandu unathera pomwepo. Munati, "Mwana wanga, Gileni wako ndi ameneyu." Ng'ombe za malowolo zinabwera musanadwale, ukwati unaima chifukwa cha maliro anu, ndipo pambuyo pake kutchalitchi analengeza kuti uchitika mwezi uno.

Lamulungu lina mwezi wathawu bambo a Limbani anabwera kuchokera ku Jenda ndi kamemori kodzaza mafilimu akale, omasuliridwa m'Chichewa ndi anyamata aja amalankhula ngati akuulutsa mpira. Esinati anali kwathu, tikuyesa diresi yaukwati. Pikapu ija itangotulukira pa TV tinakuwa, Limbani mpaka anathawa. Tinaonera tikuseka, tikukukumbukirani. Ukwati utafika ine ndinanyamuka kuti ndikateleke madzi a tiyi, monga tinkanyamukira kale.

Bambo a Limbani anati, "Ukupita kuti iwe? Ili pakati iyi."

Amayi, filimu ija siithera pa ukwati. Ndinakhalanso pansi poto ali m'manja. Alendo atangobalalika, Gileni akulanda makiyi a galimoto. Mawa lake akudula waya wa telefoni. Galu uja akupezeka atafa kuseri kwa khola. Anzake a mayiyo akabwera, Gileni akuwabweza pa geti mwaulemu, ati mkazi wanga mutu sukuyenda bwino. Ndiye akutionetsa kuti malata aja anayamba wawazula yekha mvula isanabwere, kuti apeze polowera. Chimene chinandiopsa koposa n'chakuti nkhope sinasinthe. Chibwano chomwecho, kumwetulira komwe kuja munkati n'kwa munthu woopa Mulungu.

Pamene ankadula waya paja, Esinati anali atatuluka. Ndinakam'peza kuseri kwa bafa atakhala pa njerwa, diresi yaukwati ikukhudza matope.

Anati, "Asisi, musavutike kundiuza mathero. Ndikuwadziwa."

Anakweza mkono wa diresi. Sindilemba zimene ndinaona, ndinu mayi. Foni ija anatiuza kuti inatayika m'minibasi inali m'thumba mwa Wongani. Makina osokera anawachotsa pamsika osati chifukwa cha maso monga tinkamvera, koma Wongani anati mkazi wake sangamayeze amuna m'chiuno. Mnzake wa kukwaya anasiya kubwera chifukwa anauzidwa kuti Esinati amamunena. Zonsezi ukwati usanachitike!

Ndinam'funsa kuti bwanji osandiuza, ine mkulu wake, wokhala naye tauni imodzi.

Anati, "Amayi anandigwira dzanja m'chipatala, anati ndisamutaye. Ndikanatani? Munthu wakufa sungabwerere kukam'funsa ngati wasintha maganizo."

Ndinalira, Amayi, ndipo ndinakukwiyirani. Ndikunena poyera chifukwa simunkafuna mwana wobisa nkhope.

M'mawa ndinapita kwa a Chavula. Akalamba, vidiyo anatseka kalekale, pano amagulitsa machaja ndi mabatire pa depoti. Ndinkaganiza kuti mwina tepi yawo inali yoduka, iwonso sankadziwa. Nditawafunsa anaseka mpaka kutsokomola.

Anati, "Ndapota mwana wanga, usandiyang'ane choncho. Tsiku loyamba ndinaionetsa yonse, azimayi anatuluka akutukwana, wina anandigenda ndi chitsononkho. Mbwenu ndinaona kuti bizinesi ifa. Ndiye ndinkangozimitsa pa ukwati. Anthu ankapita kwawo okondwa chomene, mafuta a jenereta n'kutsalako."

Ndinati, "A Chavula, amayi anasankhira mwana mwamuna ndi filimu yanu yatheka ija."

Kuseka kunatha. Anavula chipewa n'kuchiika pa bondo, anangoti, "Chiuta wane." Kasitomala anafunsa mtengo wa chaja kawiri, iwo osamumva. Ndinabwera nditakonzeka kuwalalatira, koma ndinangotsanzika.

Amalume anabwera kuchokera ku Dedza titawaitana kuti adzathetse za ukwatiwo. Poyamba anakana kumva. Anati ng'ombe zinalandiridwa, kutchalitchi analengeza, ndipo mlongo wawo analankhula ali pa mphasa ya imfa, mawu a akulu akoma akagonera. Ndinawayankha kuti awa agonera mpaka asasa. Mundikhululukire, sindinayankhepo amalume chotero chibadwire.

Wongani atamva anafika masana, shati yosita, atanyamula shuga ndi buledi. Anagwada pamaso pa amalume, anthu oyandikana nafe atadzaza kumpanda. Ndinamva mayi wina akunong'ona kuti mwana waulemu chonchi akum'kaniranji.

Wongani anati, "Yewo adada. Ine ndilibe mawu ambiri. Mkaziyu amama anandipatsa okha, ndi pakamwa pawo. Kodi malemu tiwanyoze?"

Amalume anagwedeza mutu movomera. Ndiye chitseko chinatseguka. Esinati, uja ankabisala kumbuyo kwa chitenje chanu alendo akabwera, anaima pakhonde mikono ili pamtunda, aliyense akuona.

Anati, "Amayi anakupatsani asakukudziwani. Ine ndakudziwani. Ndipatseni foni yanga."

Wongani anadzuka pang'onopang'ono akumwetulirabe. Anaitulutsa m'thumba, anaiyang'ana, n'kuimenyetsa pa simenti pafupi ndi mapazi a Esinati. Zidutswa zinafika mpaka pa nsapato za amalume. Amalume anatola kachidutswa kamodzi, anakatembenuza, n'kufunsa bambo a Limbani kuti lole yonyamula ng'ombe ingapezeke kuti. Ng'ombe zinabwerera ku Edingeni sabata yomweyo, ndipo abusa tinawauza.

Esinati ali kwathu, amagona ndi ana. Makina tawabwezera pamsika, dzulo wasoka mayunifolomu a sukulu. Akudya, koma sakugona bwino. Sakumuopanso kwenikweni Wongani, pakuti bambo a Limbani anakanena kupolisi. Amene akumuopa ndi inu. M'mawa uliwonse tikamasesa amandifunsa funso limodzi: "Asisi, kodi amayi akwiya?"

N'chifukwa chake ndalemba. Ndakhala ndikukuyankhirani, Amayi. Ndimamuuza kuti simunakwiye, kuti mukanaona mkono uja mukanathamangitsa ng'ombezo nokha ndi mthiko mpaka ku Edingeni. Ndimanena ndi mawu anu, ndi kakwinyidwe kanu ka pamphumi, mpaka amaseka pang'ono. Sindinakupempheni chilolezo, ndipo ndipitiriza mawa ndi mkuja mpaka adzasiye kufunsa. Ngati ndakunamizirani, mudzandikalipire ine tikadzakumana, ndazolowera. Mwanayu musiyeni agone.

Ndimakukondani monga kale, ndipo Esinati sachoka pakhomo panga mpaka atafuna yekha.

Ndine mwana wanu,
Edina