Ufa Wotuwa Wodana ndi Madzi

14 Okutobala

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti mwendo uja wasiya kukuvutani. Ine kuno ndili ndi nkhani, sindikanatha kudikira kuti mudzabwere.

Mukudziwa kuti ndatsuka mabotolo mu labotale ya pakoleji pano zaka makumi atatu. Mwezi watha bwana watsopano, mayi wa madigiri awiri, anandiuza kuti chaka chikatha ndizikasesa panja, poti muno mukufunika munthu wa satifiketi. Ndinangoti zikomo.

M'kabati yachitsulo timasungamo ufa wotuwa, lithiyamu aluminiyamu haidiraidi, umene ophunzira amasinthira mankhwala ena kukhala ena. Ufawu sufuna madzi ngakhale dontho. Ukanyowa umatulutsa mpweya woyaka. N'chifukwa chake botolo lililonse ndimaliumitsa mu uvuni, ndipo pakhomo ndimaikapo ndowa ya mchenga wouma. Ophunzira amandiseka, ati agogo akufuna kumanga nyumba m'kalasi.

Lachiwiri mtsikana wina anathira ufawo m'botolo lachinyezi. Unawira, moto buu patebulo. Onse anathawira kukhomo. Mantha sadziwa digiri, achimwene: bwana mwiniwake anathamangira kumpopi ndi beseni. Ndinawagwira dzanja.

"Amayi, mutipha tonse. Ikani pansi."

Anaika! Ndinathira mchenga pang'onopang'ono mpaka moto unafa. Nsidze zanga zinapserera, koma palibe anavulala. Kenako bwana anandiitanira mu ofesi, nanena kuti za kusesa tiiwale, ndipo sabata yamawa ndikaime kutsogolo kuphunzitsa ophunzira atsopano kasungidwe ka ufawu. Ine, choko m'manja. Inu amene bambo anakusankhani kupitiriza sukulu ine n'kutsala pakhomo, ndikanakonda mukanamva ndi makutu anu. Jekete ndalisita kale.

Koma pali chimene bwana sindinawauze. Botolo lija ndinatsuka ndine. M'mawa umenewo ndinadzuka ndi mkwiyo, ndinati adzaumitsa yekha wa satifiketiyo, ndipo mu uvuni sindinaliike. Tsopano mtsikanayo akuti akaonekere kwa akuluakulu Lachisanu, mwina am'chotsa sukulu. Dzulo anandigwadira pakhonde kundithokoza, ine n'kusowa poyang'ana.

Lachinayi m'mawa ndikagogoda kwa bwana. Ntchito ingathere pomwepo, ndikudziwa. Mundikumbukire tsiku limenelo.

Moni kwa alamu ndi adzukulu onse. Za moto auzeni ndithu, muwonjezereko ngati mufuna. Za botolo zikhale za ife awiri mpaka ndidzalembenso.

Ndine mng'ono wanu,
Wotsuka mabotolo