Ndajambula Apongozi Anga

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira mukudzuka bwino ku Joniko. Kuno tilipo, kungoti amama miyendo ikuwavutabe.

Foni munanditumizira ija yandiika m'mavuto. Paja ife a komiti ya kugombe tinatsegula gulu pa intaneti, kuti aliyense akaona munthu akukoka neti ya udzudzu m'nyanja azijambula n'kutumiza. Lolemba ndikupita kukavuula chinangwa, ndinaona bambo wina patali akukoka neti yobiriwira. Ndinajambula n'kutumiza osayang'anitsitsa. Posakhalitsa apampando a komiti anandiimbira.

"Amayi, mwachionetsetsa chithunzichi? Ndi apongozi anutu awa."

Achimwene, munthu amene ndimamugwadira, amene ngakhale dzina lake sinditchula, ndamuyalutsa pa mafoni a mudzi wonse! Ndinachifufuta, koma chinali chitafika kale ku Bandawe.

Ndinapita ndi azakhali kukapepesa. Apongoziwo sanakalipe ayi. Anangosendeza beseni la tiana ta nsomba, tochepa ngati chikhadabo, nati, "Adzukulu anga, ana anu omwewo, adya timeneti lero. Jambulaninso."

Kuyambira tsiku limenelo palibe watumizanso chithunzi, chifukwa aliyense wokoka netiyo ndi m'bale wa winawake. Pagulupo pangotsala mauthenga a maliro ndi mavesi.

Chonde muwatumizire amama mankhwala opaka aja. Koma za boti mumafuna kudzagula lija, iwalani. Gwirani ntchito komweko, nyanja tikuidya ikadali khanda, ndipo ndiwo zake ndikuphika ndine.

Mulungu akusungeni.

Ine mlongo wanu,
NyaMhone