Dothi la Padenga

Mitundu,
Lilongwe.
Loweruka, 17 Febuluwale 1996

Okondedwa achimwene a Gilibati,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Bulawayo kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kalata yanu yopepesa maliro a mwana wanga Tiyanjane tinailandira, ndipo ndinawawerengera amayi kawiri konse. Bulangete munatumiza lija akufunda. Zikomo kwambiri. Koma amene anakutumizirani uthenga anakuuzani za maliro zokha. Zotsalazo ndikuuzeni ine, chifukwa ndinu munaima ngati nkhoswe pa ukwati wanga, ndipo ukwatiwo ukutha. Amalume a Isake awauza alamu anu a Jeremiya kuti achoke pamudzi pano. Mlandu wake ndi dothi.

Mitundu munaisiya ija si iyi ayi. Chibwerere matipate aliyense ndi wabizinesi. Kuseri kwa msika, kumene tinkazula chinangwa kuja, pano ndi maokala okhaokha, denga kugundana ndi denga, onse amalata, ndipo palibe amene anadzifunsa kuti madziwo azipita kuti. Ifenso sitinafune kutsalira. Alamu anu atasiya utenanti wa fodya, anamanga kagolosale kumtunda kwa malo athu, pafupi ndi msewu. Ndi zipinda ziwiri, kutsogolo sopo ndi mchere, kumbuyo kogona ife ndi ana. Tsiku lokhoma malata amalume anadya nkhuku yathu mpaka mafupa, akutama kuti mkamwini ndi ameneyu.

Mvula ya chaka chatha ndiyo inatiyalutsa. Madzi a padenga lathu ankakumana ndi a madenga a anzathu n'kutsika ngati mtsinje, kulunjika nyumba ya amayi. Anakumba chigwembe cholekeza m'chiuno pamene panali nkhokwe ya malemu bambo, khoma la amayi n'kuchita mng'alu wolowa dzanja. Madenga ndi ambiri, koma eni ake onse ndi apompano, wochokera ku Phalombe ndi mmodzi yekha, alamu anuwo. Amalume anati, "Madzi a mkamwini akugwetsa nyumba ya mlongo wanga. Awatseke, apo ayi asasule malata akewo." Alamu anu anakumba ngalande, mvula imodzi yokha inaikwirira ndi mchenga. Anatchera migolo iwiri, inadzaza mvula isanafike n'pakati pomwe. Paja madzi saiwala khwawa.

Munthu uja mukumudziwa, pakamwa ndi polemera koma mutu sugona. Tsiku lina m'chilimwe anandiuza kuti, "Amake Tiya, ku esiteti kunali chigafa cha fodya chakale, udzu wake unawola, fumbi linadzazapo, zitsamba n'kumera pamwamba. Mvula ikagwa zigafa zina zinkakhuthula madzi nthawi yomweyo, koma chimene chija chinkangodontha pang'onopang'ono mpaka mawa lake. Pansi pake sipanakumbike."

Ine ndinati, "Ndiye mukufuna tiwole nafenso?"

Sanaseke. Anagula mapaso a bulugamu, anachirikiza denga ndi nsanamira ziwiri pakati pa nyumba, anayala ziguduli pamalata, m'mphepete n'kutchinga ndi matabwa. Kenaka anayamba kukweza dothi ndi ndowa, losakaniza ndi makoko a mtedza kuti lisalemere. Anabzalapo kapinga ndi mbatata.

Kuseka kwake, achimwene! Anthu opita kumsika ankaima pamsewu n'kumakuwa kuti, "Alomwe ayamba kulima kumwamba, pansi pano patha!" Wina anafunsa ngati feteleza tidzathire ndi ndege. Ine pakamwa panga mukupadziwa, ndinkawayankha kuti kholowa wathu mbuzi zanu zidzangomuonera patali. Kunena zoona ndinkanyadira, chifukwa chinthucho chinagwira ntchito. Mvula ya Disembala inagwa yamphamvu, madenga a anzathu akukhuthula, lathu lili phee, likudontha ngati munthu akuthirira mbande. Masana m'nyumba munkazizira bwino. Madzi a kwa anzathu ankadutsabe, koma popanda athu analibe mphamvu, ndipo chigwembe sichinakule.

Amayi okha ndiwo sanaseke. Anaima pakhomo, anayang'ana kumwamba, n'kunena kuti, "Esitere, dothi limakhala pamutu pa munthu wakufa yekha. Tulutsamo ana." Chiyambire tsiku limenelo sanalowemonso, mchere ankachita kutuma. Ine ndinangoti ndi zaukalamba, ana anapitiriza kugona momwemo.

Mu Januwale Tiya anabwera kosewera akudandaula mutu. Thupi linatentha, tinamupatsa mapiritsi a m'golosale, anakhala ngati wapezako bwino. Kenaka anayamba kukomoka. Bambo ake anamubereka kumbuyo n'kuthamanga naye kuchipatala opanda nsapato. Adokotala anati malungo afika kumutu, ndipo anayesetsa ndithu, ine ndinaona. Mwezi umenewo ana ambiri anapita, ena ogona m'nyumba zaudzu, ena m'zamalata, koma za iwowo palibe akunena kanthu.

Kumanda, adzukulu ali mkati mokwirira, mayi wina kumbuyo kwanga ananena mosatsitsa n'komwe mawu kuti, "Akuvutikiranji anthuwa? Bambo wake anamukwirira kale." Ndinamva ine, anamvanso alamu anu. Sanatembenuke, anangofinya chipewa chawo m'manja.

Tsiku lometa, amalume anatikhazika pansi tonse. Anati mkamwini asamakule mwendo. Anati munthu wanyamula manda n'kuwaika pamwamba pa mbumba ya eni ake kuti malonda aziyenda, ndipo malonda otere timawadziwa mtengo wake. Alamu anu anayankha mwaulemu atagwada, "Apongozi, munandiuza kuti nditseke madzi. Ndinatseka. Mwanayu ndi wanganso." Anyamata anakwera padenga ndi makasu, dothi lonse pansi, timbatata titayamba kale kubereka. Madzulo ake alamu anu anamanga mphasa ndi malaya awo n'kupita ku Nathenje, kwa a Bester, mnzawo wakwawo amene amagwira ntchito pachigayo. Ali kumeneko, akudikira mawu anu.

Mvula ikakuona litsiro sikata. Sabata yathayi inagwa yoopsa masana, denga lathu likukhuthula ngati kale, ndipo khoma la amayi linagwera m'chigwembe pamodzi ndi bedi lawo. Mwamwayi iwo anali kukhitchini. Pano akukhala ndi ine m'golosale momwemuno, nyumba imene ankakana kulowa, ndipo mvula ikayamba sitimvana n'komwe ndi phokoso la malata. Ndiye mumve zimene akunena tsopano: akuti mkamwini ndiye watumiza madziwo chifukwa cha mkwiyo. Akatseka madzi ndi mfiti, akawasiya ndi mfiti. Ndatopa, achimwene, ndipo mtima ukundipweteka.

Pempho langa ndi ili. Lemberani amalume. Inu amakumverani, ndinu mwini mbumba ngakhale muli kutali. Muwauze kuti munthu uyu munamulandira ndinu, ndipo sanatukwanepo munthu pamudzi pano. Mwana wathu Mayeso ndi wamng'ono, akufunika bambo. Mawa ndikatuluka m'tchalitchi ndipita ku Nathenje ndikawawerengere kalatayi ndisanaitumize, kuti alimbeko mtima.

Lolemba

Ndikupitiriza pamene ndinasiya. Ndinapitadi, minibasi ziwiri, kudzera m'tauni. Chigayo chinali chotseka. Ndinawapeza alamu anu atakhala pakhonde pake, pafupi ndi msewu waukulu, akusoka nsapato ya mwana wa a Bester. Awonda, kolala ya malaya ikuchita kulendewera. Anandifunsa za Mayeso, za amayi, ngati khoma linawapweteka. Za iwo eni sananene kanthu.

Ndinawawerengera zonse. Pa mawu a ndege ya feteleza paja anamwetulirako. Nditamaliza anati, "Mwalemba bwino, amake Tiya. Alamu akhoza kuwafewetsa amalume. Koma pali pamodzi mwadumpha."

Ndinati, "Pati?"

"Tsiku lometa lija, amalume atakufunsani kuti mwini mwamuna ukuti bwanji, munayang'ana pansi."

N'zoona, achimwene, sindinakulembereni. Anandifunsadi, ndipo ine wapakamwa uja, woyankha anthu a pamsika uja, ndinangoti zii. Ndinawauza alamu anu kuti ndinali ndi chisoni, mutu sunkagwira, ndinkaopa akuluakulu.

Anati, "Ndi zomveka. Pano palibe amalume, palibe amayi, tilipo awiri. Ndikufunseni ine. Mukuganiza kuti ndi dothi lija?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti ayi. Ayi ameneyo analipo, ndinabwera naye kuchokera ku Mitundu. Koma ndinaona amayi ataima pakhomo paja akuti tulutsamo ana, ndinaona mphasa ya Tiya pansi pa nsanamira, ndipo lilime linakana. Sindinachedwe kwambiri, mwina mpweya umodzi kapena iwiri. Pamene ndinkati ayi, iwo anali atayang'ana kale kumbali.

Anati, "Basi, ndamva. Kalatayo musavutike nayo."

Anamaliza kusoka nsapato ija bwinobwino, anaipereka kwa akazi a a Bester, analowa m'nyumba n'kutuluka ndi mphasa yawo. Ndinawagwira malaya pamaso pa anthu, manyazi onse atandithera, ndikuti dikirani yankho la achimwene. Anandichotsa dzanja mosakalipa. Anati mudzi wonse ukhoza kuwatcha mfiti iwo n'kumagona tulo, koma sangagone pafupi ndi munthu amene akudzifunsa. Basi ya ku Blantyre itaima anakwera. Anakhala mbali ya zenera la kutsidya, moti sindinawaonenso nkhope.

Kalatayi ndikutumizabe. Amalume muwalemberebe, mwina dzina la munthu lingayere ngakhale mwini wake palibe. Keyala ya ku Phalombe a Bester akuti aifufuza, ikapezeka ndidzakutumizirani, mwina inu angakuyankheni.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Amayi akupereka moni, akuti miyendo ikuwavuta ndi chinyezi. Amalume sakudziwa kuti ndalemba, choncho moni wawo palibe. Mayeso akuti moni kwa amalume a ku Zimbabwe. Dzulo anandichingamira pamsewu, anayang'ana kumbuyo kwanga, ndipo sanafunse kanthu. Moni wa alamu anu ndinaiwala kuwapempha.

Mukamayankha, achimwene, mulembe kapepala kena ka ine ndekha, kosawerengera amayi. Inu mwayenda, mwaona mayiko. Mundiuze kuti mwana wanga anafa ndi malungo. Adokotala anandiuza, abusa anandiuza, ndipo ndimadziuza ndekha tsiku lililonse. Mundiuzenso inu, mwina ndingamve.

Ndine mlongo wanu,
Esitere, amake Tiyanjane