Foni ya Tadala ili m'thumba la nandolo

Wokondedwa mwana wanga Esinta,

Landira moni wochokera kuno ku Mbulumbuzi. Kaya iwe uli bwanji ku Joniko? Ine miyendo ikuwawabe koma ndikuyenda. Akundilembera kalatayi ndi anzanga akutchalitchi, chifukwa nkhani iyi mdzukulu wanga Tadala sangandilembere.

Foni unamutumizira mwana wako ija yatilowetsera munthu m'nyumba. Ukundidziwa, pakhomo panga mnyamata saima. Ndikamufunsa Tadala zimene zalembedwamo ankati, "Ndi za sukulu, agogo," ine n'kumavomera poti zilembo sindizidziwa. Loweruka tikusenda nandolo anadina molakwika, foni n'kuyamba kuyankhula mokweza. Anali mawu a bambo wamkulu, msinkhu wa malume ako: "Zithunzi zako zija zandisangalatsa. Ubwere pa siteji ya Namadzi, koma agogo usawauze."

Kusukulu sindinapondeko, koma makutu ndili nawo. Ndinailanda pomwepo n'kuikwirira m'thumba la nandolo. Ena akuti ndiibweze poti ndi imene umayankhulira naye. Sindibweza, kaya ukwiye.

Koma Esinta, mantha andigwira. Mwanayu sakundiyankhula, nambala ya bamboyo akuidziwa pamtima, ndipo anzake ali ndi mafoni oti angamubwereke. Ndi miyendo yangayi, ndimulondola mpaka kuti?

Chichokereni iwe sindinakupemphepo kanthu, ngakhale sopo. Lero ndagwada. Bwera udzayankhule naye wekha, asanakwere minibasi ya ku Namadzi.

Mulungu akusunge.

Ndine mayi ako,
Nasibeko