Temberero la Aphunzitsi Rosa

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Likomako pamodzi ndi alamu. Kuno ku Chiwanga tikudzuka, koma amayi mwendo ukuwavutabe.

Ndikuuzeni za a Rosa, aphunzitsi anawatenthera sukulu aja. Tikathawira kuphanga poopa anthu amfuti, amasonkhanitsa ana pamkeka n'kumasewera nawo za anamapopa. Wina amakhala msodzi, wina sing'anga, iwowo namapopa. Amaponya nthanga za bwemba zopala mbali imodzi. Zikagwera koyera wapulumuka, zikagwera kokuda wapopedwa magazi, ndipo temberero lake n'lakuti usatulutse mawu mpaka wina akukhudze ndi tsamba la chinangwa.

Ine ndinkati akungowonjezera ana mantha. Koma Lachiwiri masana anthu amfuti anadutsa kumunsi kwa phanga, nsapato zawo tikuzimva. A Rosa anaponya nthanga n'kunong'ona kuti, “Kalanga ine, nonse mwapopedwa!” Ana anangoti zii, ngakhale Lusiya wanga wolongolola uja.

Anthuwo atapita ndinati kwa Lusiya, “Yankhula tsopano, mwanangu.” Anapukusa mutu n'kuloza tsamba. Ndinalira, achimwene.

Mutitumizireko mchere ndi sopo. Zikafika, oyamba kugawiridwa ndi a Rosa. Mulungu akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Marita